Jombo za Phazi Lamanzere

Lolemba, 4 Ogasiti

Ku Elko, kwa dokotala wa mafupa. Akuti kakolo wagwirana. Timisomali tachitsulo tonse tili m'malo mwake, ndationa pachithunzi. Ndinafunsa za njinga yamoto. Anavula magalasi. "Mayi Lorna, akathyokanso pomwepo, palibe fupa lina loti ndikhomepo msomali. Tidzakambirana zodula." Kudula phazi. Ananena ngati akukamba za mvula.

Mwamuna wanga Wendell anamuchita opaleshoni ya mtima mu Epulo, saloledwa kunyamula ngakhale thumba la mchere wa ng'ombe. Wantchito wathu anapita kumgodi mwezi watha. Nanga ng'ombe zili kuphirizo aziona ndani? Kavalo sindingathe, phazi silipindika m'chopondera. Galimoto imathera pakhwawa. Kwatsala njinga basi.

Kiyi wa njingayo Wendell anabisa, wavomera yekha. "Unathyoka chifukwa unakwera ndi jombo zopitira kutchalitchi. Gula zenizeni za njinga, kiyi utenge." Sizinali zakutchalitchi. Koma zinali zachikopa chabe, ndipo njinga itandigwera pamwala chaka chatha zinapindika ngati chiguduli. Izi sindimuuza.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kusitolo ya njinga. Wogulitsa ndi Marisol, amapikisana m'mijaho ya m'chipululu, chipsera chachitali pachibwano. Anandivulitsa sokosi, nkuyang'ana phazi osanyansidwa. Lamanzere lakula kuposa linzake, kakolo ngati mbatata.

Jombo zoyamba zofewa, zofika pakati pa msongolo. Ndinayenda nazo sitolo yonse, mtima mbee. Ndinati izi, kulungani. Iye anatenga imodzi nkuipotokola ngati akufinya thaulo. "Mwaona? Mmene yapotokera iyi ndi mmenenso ukapotokere mwendo wanu."

Zachiwiri zomangira zake sizinafike pa chotupa.

Zachitatu zamjaho. Pulasitiki wolimba mpaka pansi pa bondo, chitsulo kuzala, pakakolo kachitsulo kolola phazi kukwera ndi kutsika koma osati kupita chammbali. Atatseka chomangira chomaliza, thukuta kamukamu. Ngati chikhakha chomwe chija, cha nyengo yonse yozizira, ndili gone pampando kumvera Wendell akulimbana ndi ng'ombe yekha mpaka mtima unamukana. Ndinati vulani, vulani msanga. Anavula osafunsa.

Ndabwera chimanjamanja. Wendell anangoyang'ana manja angawo nkubwerera ku nyuzipepala.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kutentha. Udzu wauma, ukuthyoka pansi pa phazi. Mitambo imaunjikana masana, mabingu, mvula osagwa.

Joleen waimba kuchokera ku Boise ali pa nthawi yopuma kuchipatala kwawoko. Bambo ake anamuuza zonse, ndithu. "Amayi, anthu anjingawo ndimawalandira ine kuno. Jombo imafika yabwinobwino, mwini wake ayi." Akuti tigulitse ng'ombe, tikakhale pafupi naye, pali kanyumba kopanda masitepe. Ndinati kanyumbako akakhalemo yekha akakalamba. Anadula foni. Mwana wanga yekhayo, ndipo sananame.

Chomwera ng'ombe cha kumtunda sindinachione chichokere wantchito. Paipi ikatsekeka ndi matope zifa ndi ludzu, ife tili pakhonde kumwa khofi.

Ndayesa jombo zakale zachikopa zija mobisa m'galaja. Yamanzere sikulowanso nkomwe.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndagula zolimba. Saizi ya phazi lotupa, ndiye lamanja likusambira, masokosi awiri. Sagulitsa imodziimodzi, ndinafunsa. Mtengo wake wandiwawa, sindiulemba.

Marisol anandiimitsa pa njinga ya m'sitolo. Chala chosinthira giya sichikulowa pansi pa chitsulo, jombo yanenepa. Akuti ndikakweze chitsulocho pang'ono. "Buleki simuimva masiku oyamba, muziponda ndi mwendo wonse. Muzivale m'nyumba kaye sabata yathunthu, pophika, pochapa. Kuphiri musathamangireko, mayi." Ndinati ndinayamba kukwera njinga iye asanabadwe. Anaseka. "Jombozo sizikudziwa zimenezo."

Wendell anazitembenuza, anazigogoda ndi chala, anayesa kuzipotokola, zinakana. Analowa m'chipinda chosungira zakudya nkutulutsa kiyi m'chitini cha ufa wa chimanga. Miyezi yonseyi ndakhala ndikusuntha chitini chimenecho pofuna shuga.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kukhitchini gu, gu, gu. Galu akundithawa. Nkhuku nazo. Wendell akuti wakwatira loboti. Matuza kuchidendene chamanja, lamanzere lili phee, ngati lapeza kwawo.

Masana ndinatulutsa njinga. Inalira nditangoyesa kachiwiri, ndinatsala pang'ono kulira nayo. Kuzungulira khola. Giya ndimaisaka ngati munthu wosaka chitseko mumdima. Pafupi ndi nkhokwe ya udzu ndinaponda buleki, sindinamve kanthu, ndinapondanso mwamphamvu, gudumu lakumbuyo gwa, ine khu pansi. Liwiro la munthu woyenda. Wendell anayamba kuseka, kenako anaona kuti ndagwera kumanzere, nkhope inayera ngati pepala. Anathamanga. Saloledwa kuthamanga.

Phazi bwinobwino. Iye ndi amene anakhala pa chidebe kupuma movutika, dzanja pachifuwa, ine ndikumukupiza ndi chipewa. Nkhalamba ziwiri pabwalo, wina kuopera mnzake.

Ndaganiza zokabweza jombozi ndikatenge zofewa zija. Zakalika kale kunsi, sangalandire.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Mphezi ya dzulo yayatsa kuseri kwa phiri. Utsi tinauona m'mawa, woyera, kenako wabulauni. Ozimitsa moto akuti ali kunyumba za kumsewu waukulu, ng'ombe sangazifikire. Mphepo akuti itembenuka masana.

Ng'ombe zonse zili mumpanda wa kumtunda. Geti yakumunsi ndi yotseka.

Sitinakangane. Wendell wagwada pansi, wandimanga zomangira yekha, chilichonse kuchikoka kawiri. Chodulira waya waika m'chikwama, madzi, nsalu yonyowa. "Ukauona motowo ndi maso, zisiye. Wamva, Lorna? Zisiye."

Akuthira petulo. Ine ndikuvala chisoti.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Ndilembe ndisanaiwale dongosolo lake.

Kukwera kunayenda. Kanjira ka m'khwawa, miyala, kuimirira pa zopondera njira yonse, ndipo apo jombo zinagwira ntchito, mapazi ngati aima pathabwa. Giya ndinaisiya yachiwiri, osaisakanso. Kumtunda dzuwa lofiira, phulusa likugwa ngati chipale chofewa. Ng'ombe zinali zitaunjikana pakona ya mpanda, kutali ndi geti, zikulira, ana akupondedwa. Sindinavutike ndi geti. Ndinadula waya pomwepo, mizere yonse, nkuukokera pambali. Ng'ombe yokalamba yopanda nyanga inatsogola, zinzake pambuyo, chigulu kutsetsereka.

Moto ndinauona ndi maso. Sindinazisiye. Kagulu kena kanali katabalalikira kumtunda, ndinakazungulira. Pobwerera, utsi, sindinaone mwala. Njinga inatembenuka nkundigwera. Kumanzere. Phazi pakati pa injini ndi thanthwe, malo omwewo, kagwedwe komweko, mpaka ndinamva phokoso lomwe lija, thwa. Ndinagona chagada kudikira ululu umene ndimaudziwa. Ndinaitana amayi anga, anamwalira kalekale.

Kutentha kumaso ndi kumene kunandidzutsa. Ndinakankha mpando wa njinga ndi mwendo wamanja, kukankha, kukankha, jombo inasolokoka. Pulasitiki wosweka kuchokera pakakolo mpaka kuzala, chomangira chimodzi chathothoka. Ndinaimirira. Mwendo unandinyamula. Njinga inakana kulira, petulo akuchucha. Ndinaisiya.

Kutsika wapansi ndi jombo zosapindika, m'fumbi la ng'ombe, nsalu pamphuno. Chakumanja matuza anaphulika, ndimamva kunyowa. Chakumanzere zii, osamva kalikonse, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa. Pakhwawa Wendell ali chilili pa galimoto, ng'ombe zikumudutsa mbali zonse, iye osaziyang'ana nkomwe. Anandigwira chisoti ndi manja awiri ngati akufuna kuona ngati mutu ulimo.

Ndinakana kuvula jombo. M'galimoto ndinakana, pakhomo la chipatala ndinakana. Ndimaganiza kuti ndi yokhayo ikugwirizitsa phazi, akaichotsa zonse zimwazika. Anaidula ndi kamacheka. Namwino anati nditseke maso ngati ndikufuna, sindinatseke.

Zala ziwiri zothyoka. Phazi lakuda ngati biringanya. Kakolo ali bwinobwino, msomali ngakhale umodzi wosasuntha. Chimene chinalira thwa chinali pulasitiki. Dokotala anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, kenako jombo yodulidwayo pansi. "Musandiuze kumene munali. Sindikufuna kudziwa."

Joleen anafika Lachisanu. Anandikalipira kuyambira pakhomo, akundisambitsa matuza, akulira. Wabwerera lero, ntchito.

Nyumba yapulumuka, moto unaima pakhwawa. Phiri lonse lakuda. Njinga yapsa. Msipu wa chaka chino wapita, udzu tigula, sindikudziwa ndi chiyani. Kagulu kakumtunda kaja sikanatsike, zazikazi ndi ana awo. Sindikutha kudya nyama.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Woyendetsa ndege ya ozimitsa moto anauza aneba dzulo kuti anaona ng'ombe zamoyo kuseri kwa lupsa, pa kasupe wakale. Aneba anaimbira Wendell. Iye anangoti chabwino, zikomo, nkufunsa ngati ndamwa mankhwala.

Ndadzuka mochedwa, mapiritsi aululu amandigoneka. Khofi ali pachitofu, wozizira. Galimoto ilipo. Kukhola kavalo palibe, chishalo palibe, galu palibe. Mankhwala ake a mtima ali patebulo, a m'mawa sanamwe.

Chitsiru. Nkhalamba yopusa. Munthu wosaloledwa kunyamula mchere.

Foni yake ikulira m'thumba la jekete pakhomo. Ndaimbira aneba, ali ku Elko, akuti abwera akamaliza. Joleen sindimuimbira, ndimuuza chiyani. Kuyendetsa galimoto ndingathe ndi phazi lamanja, koma imathera pakhwawa, ndipo kuchokera apo ndodo zanga zoyendera sizikwera phiri.

Ndiye ndakhala pawindo. Mpando wake, wakumva fungo lake. Kuchokera pano kanjira kamaoneka mpaka pamene kamakhotera kuseri kwa thanthwe, kenako palibe. Sindimadziwa kuti pamaoneka pang'ono chonchi. Lachinayi lija asanapite kukhwawa ayenera kuti anakhala pompano.

Dzuwa lapendeka. Mphepo ikunyamula phulusa, kangapo konse ndaimirira pachabe.

Tsopano fumbi lina, kumtunda kwa khwawa. Lalitali, lotsika pang'onopang'ono. Kavalo wothawa yekha sayenda choncho. Ndi liwiro la ng'ombe zotopa, ndipo ng'ombe sizitsika mumzere popanda wozikusa pambuyo. Galu akuuwa, ndamumva.

Geti ya khola ndi yotseka. Ndodo zanga zili kuti