Fomu ya Tereza ndi Nzeru za Amalume Ake

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Golomoti tilipo, kungoti bondo langa lija tsopano limalosera mvula kuposa wailesi. Kalatayi ndikunena pakamwa, akulemba ndi mdzukulu wanu Tereza, chitsirizira changa, amene munamusiya ali Sitandade 4. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakongoletse.

Mkulu wake Agnesi anabereka mwana wamwamuna pa Pasaka, mphuno ndi yanu ndithu. Mpunga chaka chino madzi osefukira anatidyera, tinangopulumutsa wa kumtunda. Zidzukulu za mbuzi yanu ija zinadya therere la akatekisiti, ndinakapepesa ndekha.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Tereza anakhoza Fomu 4 ndi mapointi khumi ndi atatu. Nditamva ndinalowa m'nyumba kukalira, poti mwana wa a Nambewe oyandikana nafe aja anapeza makumi atatu. Anachita kubwera aphunzitsi a Tereza kudzandiuza kuti kumeneko wopeza ochepa ndiye katswiri. Ndinapukuta misozi, n'kukaimbira nthungululu pafupi ndi mpanda wa a Nambewe.

Kenako panabwera fomu yosankhira koleji, ya mizere isanu ndi umodzi, mzere uliwonse ulembepo maphunziro amene ukufuna. Mwanayu mtima wake unali pa ulimi wothirira. Akuti zimamupweteka kuona madzi akutimiza mu Febuluwale, pofika Okutobala tikuwafunafuna. Ine ndinachita manyazi. Kulima kumene munandiphunzitsa inu ndi mbama, popanda fomu, mwana achite kukwera basi kukakuphunzira?

Agnesi ankati asankhe chilichonse bola chikhale ku Blantyre, iye azipeza pofikira akamakaoda kaunjika. Koma mwana wanu, achimwene Bonifasi, poti ndiwo eni mbumba, anagamula kuti ndi unamwino basi. Anati banja lino lipezeke ndi wovala zoyera ku chipatala cha Mua. Chenicheni n'chakuti atopa kukhala pamzere wa mankhwala a BP. Tereza masiku awiri sanadye bwino.

Tsiku lolemba fomu achimwene anabwera atavala jekete ndi magalasi aja opanda mwendo umodzi. Anakhala pampando n'kufunsa kuti, "Iwe Tereza, pa mdipiti wa Misa amatsogola ndani?" Iye anati otumikira. "Nanga wansembe?" Iye anati amabwera pambuyo penipeni. "Ndiye basi. Zolimalima zakozo uike pamwamba, akuluakulu azione n'kudutsa. Unamwino uike pansi penipeni, ukhale mawu omaliza. Ukundimva?"

Mwanayu anagwada bwinobwino. "Ndamva, amalume. Ndilemba momwemo."

Amayi, pomwepo ndinakukumbukirani. Munkati mwana akavomera msanga, umuyang'ane m'manja. M'mawa mwake ndinamuperekeza ku Mtakataka, kumene amatumizira mafomuwa pa kompyuta. Mu minibasi ndinamutsina pantchafu, ndati, "Tandiuze zoona, iwe. Anthuwo amayambira kuti kuwerenga?" Anayang'ana pansi, n'kunena chapansipansi kuti, "Pamwamba, amayi. Pansipo nthawi zambiri safikapo n'komwe."

Ndikanatha kuimitsa minibasi, tibwerere. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma nthawi imeneyo tinali kudutsa padambo paja, mchenga uli mbuu pamene panali mpunga wathu. Ndinayang'ana dambolo, ndinayang'ananso mwanayu, amene anagwira fomu ndi manja awiri ngati wanyamula mazira. Ndinangoti, "Ine sindidziwa kuwerenga. Zimene analamula amalume ako n'zomwezo."

Mayina anatuluka mwezi wathawu. Amutenga ku koleji ya zaulimi ku Lilongwe, maphunziro othirira omwewo, ndipo anyamuka mvula isanagwe. Mdzukulu wanu, Amayi, woyamba m'banja lino. Iwe Tereza, lemba kawiri pamenepo. Woyamba m'banja lino.

Achimwene anakwiya sabata yathunthu. Akuti ana a m'maofesi masiku ano sadziwa mwambo, amamvera otumikira n'kusiya wansembe. Anafuna kulemba kalata yodandaula, ine ndinawabisira magalasi. Pano mtima wagwa, ndipo dzulo ndinawapeza pamsika akuuza ogulitsa usipa kuti mwana wa mlongo wawo akukaphunzira uinjiniya wa madzi, ndipo anamusankhira ndi iwo.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Achimwene amati mumawadzera kumaloto kawirikawiri, makamaka akafuna kuti tiwamvere. Mukapitako, muwafunse za denga la khitchini limene analonjeza, muwakalipire za fodya, koma za fomuyi musatchule. Inu munawabereka, mukudziwa kuti sangapirire.

Mupereke moni kwa abambo. Ndikulonjeza kuti pa mwezi wa mizimu, mu Novembala, ndidzabwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzakuuzani ngati mwanayu akudya mokwanira kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Rozina