Mlongo Wanu Akusakaniza Yekha Mankhwala

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Kaya bondo lija likukuvutitsanibe? Kuno tikudzuka, koma ndikati tili bwino ndinama. Ndasankha kulemba chifukwa ndikamaimba foni mlongo wanu amakhala ali pompo, makutu ali tcheru.

Ndiyambe ndi yabwino: mlongo wanu ndi woyembekezera. Poti mimba ziwiri zija zinapita padera, anati tisauze munthu msanga. Koma ine mantha andikulira, sindingathenso kuwasenza ndekha.

Mukudziwa kuti chibwerereni kumaphunziro, dokotala wa khansa pachipatala chathu chino ndi iye yekha. Munamuitana kuti abwere uko kuli malipiro abwino, iye n'kuyankha kuti amene akudwala kuno ndi omwe aja anamuona akupita kusukulu wopanda nsapato. Inu munakwiya, ine ndinamunyadira. Lero kunyadako kwandithera.

Inu ndinu wa zamankhwala, mukudziwa kuti mankhwala a khansa sasakanizidwa poyera. Kumapeto kwa wodi kuli kachipinda, muli kabati yagalasi yokoka mpweya woipa, munthu amangolowetsamo manja. Amene ankagwira ntchitoyo anapeza ina kutali, ndipo kabatiyo inafa mwezi watha. Anandiitana ine poti ndimakonza mafiriji. Injini ndinaidzutsa, koma sefa yake inatha ntchito. Yatsopano akuti anaitanitsa, ikubwera. Mukumudziwa "ikubwera" wa muofesi.

Ndiye Lachiwiri lililonse mlongo wanu amavala magolovesi awiriawiri ndi chophimba kukamwa, amatsegula zenera, n'kumasakaniza yekha. Anamwino anapempha kuti awaphunzitse, iye anakana. Akuti muyezo ukaphonya pang'ono munthu amafa, komanso iwowo ndi atsikana oti adzabereka mawa. Nanga iye?

Ndinamufunsa ngati mankhwalawo angavulaze mwana. Alamu, munthu uja sadziwa kunama. Anati inde angathe, ndipo akanakhala namwino wake woyembekezera akanamutulutsamo tsiku lomwelo. Ndinakalipa mpaka kumenya tebulo, ine amene sindinamukwezerepo mawu chikwatiraneni. Anandisiya ndimalize, kenako anati ndipite pabenchi ya odwala ndikasankhe amene akauzidwe kuti azibwerera kwawo. Chipatala china cha khansa chili kutali, ndipo mzere wake ndi wa miyezi.

Koma pabenchi pomwepo pamakhala mayi anga. Chotupa chawo cha m'bere chija chinayamba kuchepa. Tsitsi linathothoka, koma akudya, ndipo ayambanso kundinena kuti ndimachedwa kudzuka.

Tsoka ilo, mayi anatimva tikukangana. Lachiwiri lapitali anakana kukalandira diripi. Akuti iwo zaka zawo anadya kale, sangagule masiku ndi moyo wa mdzukulu. Mlongo wanu anawagwadira, kuwafotokozera kuti ngakhale iwo asiye, enawo awasakanizirabe. Mayi anangotembenukira kukhoma.

Ndiye taonani pamene ndaima. Mayi sakulandira mankhwala, mkazi wanga akulowabe m'kachipinda kaja. Ndikuopa kuti nditaya onse, mayi ndi mwana yemwe. Dzulo kuntchito ndinachita kuboola paipi ya firiji ya mwini wake.

Chonde musamuimbire kuti mumukalipire, mungomuumitsa mutu. Nonse awiri munatengera bambo anu. Chimene ndikupempha ndi manja anu. Tengani tchuthi, mubwere mudzasakanize mankhwalawa mpaka mwana abadwe. Mukadzaona sefayo kumeneko mudzabwere nayo. Mkulu wa chipatala ndinakamuona mobisa, akuti mapepala anu a ntchito akadali abwino kuno ndipo angakulandireni ndi manja awiri.

Ndikudziwa kuti munanena kuti simudzabwereranso kudzagwira ntchito pamalo pamene chilichonse n'choduka. Ndikudziwanso kuti mudzapuma mpweya womwewo, ndipo ndikuchita manyazi kukupemphani zimenezi. Koma mukabwera, mlongo wanu atuluka m'menemo ndipo mayi abwerera pabenchi. Iye sangakupempheni, mukumudziwa.

M'mawa uno akukonzekera kupita kuntchito anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake, akuti mwana wayamba kusewera. Ndinadikira, kudikira, koma sindinamve kanthu. Iye anaseka, akuti kadakali kakang'ono, ndipo kakuchita manyazi ndi bambo ake. Ndinaseka naye, koma atangotuluka ndinakhala pansi pakhomo.

Mundiperekere moni kwa akazi anu ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndipo akufewetseni mtima. Mukamandiyankha imbani masana ndili kuntchito, ndipo musachedwe.

Ine mlamu wanu,
Wa mafiriji