Dzanja Limodzi M'thumba: Kulira Bambo Vitus Kalinde

Kwa Mayi Stelia Kalinde, ana, abale ndi onse amene zovutazi zakukhudzani,

Bungwe la Oimba Magitala a ku Mavwere lagwidwa ndi mantha aakulu komanso chisoni chosaneneka chifukwa cha imfa ya Bambo Vitus Kalinde, mmisiri wathu wokonza maampulifaya, amene atisiya Lachinayi masana atagwidwa ndi magetsi m'shopu mwawo pa Boma.

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, Bambo Kalinde ndiwo tinkawadalira posintha mavavu, timabotolo tagalasi tija timene timayaka mkati mwa ampulifaya zakale. Oimba a ku Mkanda ankabwera nazo panjinga atazikulunga m'zitenje, anzathu a kutsidya kwa malire nawonso ankawafunafuna, ndipo palibe ampulifaya imene inabwerera kwawo ili duu. Ntchito yawo inali ndi mwambo wake: kuzula waya pakhoma, kudikira kuti galasi lizizire, kukhuthula moto wotsalira mkati, kenako n'kugwira ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba. Ife tinkawaseka kuti akugwira ntchito ngati bwana, iwo n'kumati, "Sekani, achimwene. Moto ukalowera dzanja ili kuti ukatulukire linali, njira yake ndi pamtima."

Ndiyenera kunena poyera chimene chikundidya mumtima. Ampulifaya imene ankakonza tsikulo ndi yanga. Magetsi anali atazima tauni yonse, minibasi yotitengera ku ukwati kumene tinkayenera kukaimba inali kuliza hutala panja, ndipo pokhalira vavu imodzi panali pataweyeseka, moti anachita kutsegula mkati. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Bambo Kalinde, fulumirani! Magetsi kulibe, mukuopanso chiyani?" Anandiyang'ana, nasiya zokhuthula motozo, natulutsa dzanja m'thumba kuti agwirize chitsulo. Moto unawagwira, nagwa pomwepo osakuwa n'komwe. Kalanga ine! Ankatiuza kuti makina amenewa amasunga moto ngakhale atazulidwa pakhoma, koma ine ndinkayesa kuti akungotiopseza chabe.

Lero ndikukuchenjezani, pakuti maampulifaya otere alipo khumi ndi anayi m'manja mwa mamembala athu, ena m'matchalitchi, ena m'nyumba, ndipo ndamva kale kuti ena akuti azisintha okha mavavu poti mmisiri wapita. Oimba anzanga, ndagwira mwendo wanu: wina asayerekeze kumasula ngakhale sikuluu imodzi kufikira bungwe litapeza mmisiri wodziwa. Ngati munthu amene anaidziwa ntchitoyi kuposa tonse wagwa pa kamphindi kamodzi kothamangitsidwa, nanga ife tingalimbe? Inunso Mayi Kalinde, ampulifaya ija ikadali chitsegulire pathebulo. Khomani shopuyo, aliyense asaikhudze ampulifayayo, ngakhale ine mwini wake.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi, ana ndi abale, ndipo pandekha ndikupempha kuti mundikhululukire ngati mungathe. Chauta akulimbitseni mtima m'masiku owawa ano, ndipo mzimu wa malemu uuse mumtendere.

Mawa kumanda mukaona oimba tonse titaimirira dzanja limodzi lili m'thumba pamaso pa mafumu ndi akuluakulu, musatiyese amwano. Tidzakhala tikuchita chimene amuna anu anatiphunzitsa zaka zonsezi, ife n'kumaseka.

Lovemore Chimphepo
Wapampando, Bungwe la Oimba Magitala a ku Mavwere