Anditulutsa ku Chesi ya Tisa

Loweruka, dzuwa likulowa, kuno ku Matero. Mtima ukadali kuwira.

Lero mdzukulu wanga Tisa anali pa mpikisano wa chesi, mphotho yake thumba la ufa. Ufa womwe timaufolera tsiku lonse osaupeza! Atangoyamba kusewera, ndikuona mwana akukankhira kamsilikali kake kukamwa kwa mdani, kwaulere. Kenaka hatchi. Ndinakuwa: "Iwe Tisa, usampatse! Chino ndi chaka chogawa zinthu?"

Woyang'anira, bambo wa tayi yofwifwa, ananditulutsa ngati mbava, nati Tisa wagonja chifukwa wauzidwa zochita. Panjira mwana akulira: "Ambuya, unali msampha! Mfumu yake ndikanaigwira."

Nanga ndikanadziwa bwanji? Mpaka pano sakundilankhula. Wowerenga izi akawauze bambowo kuti wapakamwa ndine. Alange ine, mwanayo amubwezere pampando wake.