Madzi Akuda Pansi pa Lole

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Golomoti tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe. Lachiwiri tinali nawo kuchipatala ku Mua.

Nkhani ndi ya malole atatu amene munasiyira msuweni wathu Yohane. Walemba anthu otsuka magalimoto, obwera ndi thanki ndi pampu pabwalo pompano. Lole ikangofika, injini isanazizire n'komwe, iwo ayamba kale kupopera madzi. Kale ndinkadziwa kumene yachokera poona matope: ofiira a kumtunda ku Dedza, akuda a kunyanja. Pano zonse zimangoti mbee.

Dzulo ndinawapeza akutsuka mmene mumakhala katundu, m'lole imene akuti inanyamula chimanga. Madzi ankatsika akuda bii. Nditafunsa, Yohane anati, "Ndi utsi chabe, asuweni." Ndinagwira ndi chala: fumbi la makala.

Mukudziwa kuti a zankhalango akagwira makala amalanda ndi galimoto yomwe. Chonde muimbireni, koma musanditchule. Mungomufunsa kuti chimanga chinayamba liti kuda.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati