Diso la Sadinya

Lolemba, 9 Otubulu 1972

Sadinya wadzuka diso lakumanzere litatupa, silikutseguka. Dzulo linali bwinobwino. Likutuluka madzi, iye n'kumangolipala ndi dzanja. Falesi akuti njoka yamulavulira kuseri kwa nkhokwe. Mkazi wangayu amadziwa zonse asanaone n'komwe.

Mphaka ameneyu ndi wa mwana wathu Aroni. Popita kuthengo kwa anyamata omenyana ndi boma chaka chatha sanasiye mawu ena, anangoti, “Ababa, mundisungire Sadinya.” Asilikali potisamutsira kuno kumudzi wozingidwa ndi waya mbuzi zinatsala, koma mphaka ndinamunyamula.

Lachiwiri

Wakana ngakhale mutu wa mbewa. Mankhwala a malovu a njoka aliyense amawadziwa: mkaka wa m'mawere. Ndapita kwa Ana Maria, mnansi wathu woyamwitsa, supuni ili m'manja, manyazi ali tho. Iye anangoseka. Apongozi ake ndiwo anandikalipira: “Aphunzitsi, mkaka wa mdzukulu wanga upite kwa chinyama? Bere likauma mudzayamwitsa ndinu?”

Ndabwerako ndi supuni yanga. Ndamutsuka ndi madzi amchere, wandikanda pamkono.

Lachitatu

Diso layera pakati. Mtima suli m'malo. Ndayamba kusema mpini, ndausiya. Ana pasukulu ndawakalipira popanda chifukwa.

Lachinayi, 12

A Gaspar, aja ankabaya ng'ombe jekeseni nkhondo isanafike, akuti ali ku posito ya boma ku Mualadzi. Kutuluka pano kumafuna giya, kalata ya chilolezo cha ulendo. Ndaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Sipayi, wapolisi wolemba makalatawo, anafunsa kawiri: “Wodwalayo ndani?” Nditati mphaka, mzere wonse unafa ndi kuseka. Ndinapempha kuti ndipite ndekha ndikangotenga pomada, mankhwala opaka. Wakana. Akuti mankhwala onyamula m'thumba amathera kuthengo, wodwalayo apite aoneke ndi maso.

Giya ndi ya mawa lokha. Falesi wandibwereka dengu la nkhuku, akung'ung'udza kuti iye atadwala malungo sindinaime pamzere uliwonse. Sakunama.

Lachisanu, 13



Ndinaika Sadinya m'dengu, pamwamba chiguduli, n'kumanga ndi luzi mmene timangira nkhuku. Nkhuku timaimanganso miyendo. Zimenezo sindinaziganize.

Pachipata panali msilikali wachilendo, wongofika kumene. Giya anawerenga, n'kuloza dengu. Ndinamuuza m'Chiputukezi changa chonse kuti muli mphaka wodwala, angosuzumira m'mipata. Sadinya analira, msilikaliyo anamva ndithu. Anati katundu aliyense amatsegulidwa. Ndinamasula mfundo imodzi kuti ndilowetse dzanja ndimugwire mphakayo pakhosi. Msilikali anaona ngati ndikuchedwa, anadula luzi ndi mpeni.

Sadinya anatumpha. Anagunda mtengo wa chipata mbali yosaonayo, anadzuka, n'kudutsa pamalo olambula a kunja kwa waya mpaka m'tchire. Anaima pachulu, ndikumuona bwinobwino, mutu atapendeketsa. Ndikamuitana amabwera, sanakanepo.

Koma munthu woitana dzina atayang'ana kuthengo, amati akuitana anyamata aja, ndipo tonse tikudziwa kumene amakagona. A Abrahamu anaitana galu wawo mwezi watha, mpaka lero sanabwere kuchokera kokafunsidwa.

Ndinatsegula pakamwa. Msilikali anandiyang'ana, mfuti ili pamkono. Ndinatseka.

Anandibwezera giya n'kundifunsa ngati ndikupitabe ku Mualadzi. Ndinatola dengu ndi tizidutswa ta luzi, n'kulowanso m'kati.

Aroni, mwanawe, ndinachita mantha.