Mdzukulu Wanu Anamuika Pampando

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji, mukupumako?

Ine kuno sindikupuma ayi. Ndikulemba ndili wopsa mtima, ndiye mukaona nkhani zikupita uku ndi uku musadabwe. Paja munkati, "Tamanda, pakamwa pakopa padzakumangitsa tsiku lina." Sindinamangidwe, koma sabata yathayi panatsala pang'ono.

Ndiyambe ndi zabwino. Akazi a achimwene a Fanuel anachira, mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga kumudzi mbozi zinachita nacho zofuna zake, koma nandolo wabereka mpaka kuthyola nthambi. Mbuzi yanu yakuba ija ikadalipo, ndipo siinalape.

Nkhani yaikulu ndi yakuti ku Joni tinachokako. Mkamwini wanu mzungu uja, bambo a Tadala, anapeza ntchito yophunzitsa pa koleji kuno ku Zomba, ndipo tikukhala moyandikana ndi Chikanda. Amene ndinakakamira zosamukazi ndine. Ndinatopa kutchedwa mkwerekwere, kumatsitsa mawu m'basi kuti anthu asamve kuti ndine wobwera. Ndinamuuza Tadala kuti tikupita kwanu mwanawe, kumene palibe adzakufunse kuti ndiwe wa kuti. Amayi, ndinamunamiza mwana osadziwa.

Zinayambira kuphiri. Lamlungu lina tinakwera kukaona damu la Mulunguzi. Ogulitsa zipatso anathamangira bambo ake ndi Tadala, Chingerezi chili pakamwa, mano onse panja. Ine anandipeza pambuyo. Mmodzi anandikodola nkuti, "Asisi, tatinenereni kwa abwana anuwo, inunso mudyako." Mumtima ndinati ndi anthu osatidziwa, ali pa malonda awo. Kumsika nako nkomweko: Tadala akapereka moni m'Chinyanja, anthu amaitanizana kuti bwerani mudzamve mzungu akulankhula, ngati awona galu akuyenda ndi miyendo iwiri. Chinyanja chimene munamuphunzitsa inu, akubwera kudzakhala nanu pa tchuthi.

Koma chimene chandipweteka mpaka kukulemberani ndi cha pa maliro. Ku Chikanda kunamwalira mayi wina wachikulire amene tinkagulako masamba. Ankatikonda, ndiye tinayenera kupita. Tadala tsopano ndi namwali, ali mu Fomu 1, ndipo anapempha yekha kuti andiperekeze. Anamanga chitenje chanu chobiriwira chija, duku kumutu, ndipo ndinamuona akubwereza pagalasi momwe amapepesera anamfedwa. Titafika tinalowa m'nyumba, tinapepesa, nkutuluka kukakhala pansi pamodzi ndi azimayi anzathu.

Sitinakhalitse. Kunabwera a Nasiyaya, mkulu wa amayi a mpingo, atanyamula mpando wapulasitiki umene anakachotsa kumene kunakhala azibambo. Anauika pakati penipeni pa azimayi nkuti, "Adona akhale apa, pansipa angadwale." Tadala anayankha mwaulemu kuti, "Ayi amayi, ndili bwinobwino pompano." Anthu anaseka mokondwa, koma anamugwira mikono nkumukweza pampandopo. Atsikana anzake atadzuka kukatunga madzi, naye anadzuka nkugwira ndowa. Anamulanda. "Iii, mungathyoke adona, zimenezi ndi zathu izi." Nthawi ya chakudya tonse tinasamba m'manja nkudyera pamodzi, iye anamubweretsera mbale yakeyake, supuni ndi botolo la zoziziritsa kukhosi.

Amayi, tangoganizani. Azimayi onse ali pansi, nkhalamba za imvi zili pansi, mdzukulu wanu ali pamwamba yekha ngati katundu wa pa shelefu. Sanadye. Misozi inayamba kutsika, ndipo mayi wina pambali panga anati, "Taonani mzungu mtima wake, akulira maliro athu." Kenaka anatembenukira kwa ine nkundifunsa kuti ndagwira ntchito kwa azunguwa nthawi yaitali bwanji, poti mwanayu ndamulera bwino.

Chinanditseka pakamwa ndi inu, chifukwa munkati, "Ukali wako uzisiya pakhomo ukamapita kumene anthu akulira." Ndinausiya, koma unandidikira.

Titafika kunyumba Tadala anavula chitenje nkuchipinda bwinobwino. Anati, "Amama, tibwerere ku Joni. Kuja ankanyoza inu, koma ine anthu ooneka ngati ine analipo. Kuno ndine mlendo wa aliyense." Bambo ake anati ngati mwana sakusangalala, chaka chikatha tibwerere. Nkuwonjezera kuti komatu anthuwo sanalakwe, amafuna kumulemekeza. Pamenepo ndiye ndinawatsukuluza. Ulemu! Iwo ulemu umenewu ukuwakomera, poti kulikonse amaitanidwa kutsogolo kwa mzere, bwana uku, bwana uku. Sakudziwa kuti kwathu kuno wopatsidwa mpando ndi supuni ndi amene mawa akupita kwawo. Ku Joni ankandithamangitsa ndi mwano, ndimadziwa kuti mdani wanga ndi uyu. Kuno akumuthamangitsa mwana wanga akumwetulira, ndipo ndikuyenera kunena zikomo. Ndakwiya, Amayi. Ndakwiyira anthu a mtundu wanga, amene mpaka lero akaona khungu loyera mawondo amangofooka okha.

M'mawa mwake linali tsiku loika maliro. Tadala anakana kupita. Ndinamuuza kuti tiye komaliza, zikachitikanso ndiyamba ndine kulongedza katundu. Titangokhala pansi, uyo mpando ukubwera. Ndinaimirira nkuulandira ndi manja awiri, ndinakaupereka kwa agogo ena ovutika mwendo amene anatsamira khoma. Sindinakuwe ayi, mukananditama, koma aliyense anamva. Ndinati, "A Nasiyaya, pepani pa maliro pano. Mwana uyu si dona. Ndinamubereka ine, ndinamva ululu wake ine. Anganga ake, amayi anga, agona ku Chingale kuseri kwa phiri lomweli. Ngati ana anu akutunga madzi, nayenso mpatseni ndowa."

Ena anawerama, ena anandiyang'ana ngati ndatukwana. Mayi amene anandifunsa za ntchito uja anagwira pakamwa. A Nasiyaya anati, "Ife sitimadziwa, mayi." Ndinati, "Simunafunse." Anatenga ndowa yaikulu yachitsulo, mwina pofuna kundionetsa, nkumupatsa Tadala.

Mwana anapita kumpopi ndi atsikana ena. Kusenza sakudziwa bwino, inunso mukudziwa kuti zimenezo munazisiya pakati. Pobwera anapunthwa pafupi ndi pophikira, theka la madzi linakhuthukira pa nkhuni. Mayi wina wophika, thukuta lili kamukamu, sanayang'ane nkomwe nkhope. Anakuwa kuti, "Iwe mtsikana iwe, maso ali kuti? Nkhuni zanyowa izi! Bwerera ukatunge ena, fulumira!" Ine ndinadzuka kale kuti ndimuyankhe. Koma ndinaona Tadala akutola ndowa, atsikana anzake akumuseka, naye akuseka, nkuthamanga kubwerera kumpopi. Ndinakhala pansi. Chibwerereni kuno, ameneyo ndiye munthu woyamba kumulankhula ngati mwana wa munthu.

Musaganize kuti zatha. Kusukulu akumuitanabe mzungu, kumsika akuitanizanabe, ndipo a Nasiyaya tikakumana moni wawo ndi wa m'mphuno. Bambo ake nkhani yobwerera sanaitseke. Dzulo ndinamufunsa Tadala maganizo ake. Anati tidikire kaye, aone. Paphewa pake pali chilonda pamene ndowa ija inamutema atapunthwa, ndipo wakana kuti ndimupake mankhwala.

Ndikukulonjezani ichi, Amayi. Mwana ameneyu sindimuchotsa m'dziko lake chifukwa cha ulemu wa anthu. Mvula isanagwe tikubwera kudzalambula pamanda panu, ndipo khasu adzagwira ndi iyeyo. Akadzalima mokhota mumukalipire m'maloto monga munkandikalipirira ine. Koma wina akadzangoyerekeza kumulanda khasulo kuti adona angatuluke matuza, mundikhululukiretu, tsiku limenelo ndidzalankhula pamanda pomwepo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ine mwana wanu,
Tamanda